Matiresi Anga ndi Khosi la Tadala

Lolemba
Tsiku lachinayi ndikugona pamphasa, m'nyumba yomanga ndekha muno mu Bangwe! Matiresi anga ali kwa Tadala, mdzukulu wanga wa Fomu 4. Khosi, msana ndi mawondo akuti zikumuwawa. Anesi a kuchipatala akuti amagona pang'ono chifukwa chowerengera mayeso usiku, pogona pakenso ndi pouma. Mayi ake, mwana wanga Esinati, anangokoka matiresiwo osandifunsa.

Ine ndinalekeza Sitandade 5, osati mwa kufuna kwanga, koma sindinamvepo kuti tulo ndi mankhwala. Tapangana ndi Tadala: sabata ino ndiwerenga monga tinkachitira ife. Ndikafika Lamulungu osadandaula, matiresi abwerera.

Dongosolo:
1. Kudzuka tambala woyamba.
2. Mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tithawe.
3. Kuwerenga.

Lachiwiri
Folo koloko ndili maso. Mapazi m'madzi, buku la Tadala la zaulimi m'manja. Tsamba limodzi, maola awiri. Mphamvu ngati mnyamata! Khosi likukokera kumanzere pang'ono. Ndi mphepo ya m'phiri imeneyo.

Lachitatu
Tadala wagona maola asanu ndi atatu ngati bwana. Akuimba potsuka mbale! Ine munthu akandiitana ndikutembenuka thupi lonse ngati lole. Esinati akuti, "Ababa, mwaumiranji chonchi?" Ndati ndikuganiza.

Lachinayi
Ndasinza mapazi ali m'madzi. Podzidzimuka ndagubuduza beseni. Buku lanyowa mpaka pa mutu wonena za nkhumba. Mphasa yanyowanso.

Zowawa lero: khosi, phewa, bondo lakumanja, ndi malo ena m'chiuno amene sindinkadziwa kuti alipo. Zonsezi akudziwa ndi kope lino lokha.

Lachisanu
Chiperoni. Mphasa sinaume, ndagona pamakatoni. Pokwera minibasi ya ku Limbe mwendo wakana kukwera. Kondakitala akuti, "Madala, tikunyamuleni kapena tikusiyeni?" Wandinyamula ngati thumba la makala. Basi yonse kuseka! Pampando wakutsogolo pali Mayi Nasibeko, oyandikana nafe, amene sasunga nkhani ngakhale ya nkhuku.

Loweruka
Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Esinati wabisa beseni. Ndatenga ndowa, mukulowa phazi limodzi lokha. Ndawerenga choncho, linalo lili panja likudikira.

M'mawa Tadala wandipeza ndikuyang'anizana ndi nsapato zanga. Kuwerama kwakanika. Wagwada, wandiveka. "Agogo, kukuwawa pati?" Ndati palibe, ndimangofuna kuona ngati ana a masiku ano ali ndi ulemu.

Lamulungu
Kutchalitchi mpingo wonse waimirira kuimba, ine ndatsala pabenchi. Nditakwanitsa kuimirira, iwo akhala. Ndaima ndekha ngati ndili ndi chilengezo.

Pobwera ndapeza Tadala wakokera matiresi kuchipinda kwanga. "Simunadandaule, agogo. Mwawina. Ine khosi linasiya Lachitatu."

Ndati ndingowayesa ngati sanawawononge. Kudzuka, dzuwa likulowa. Khosi likutembenuka mbali zonse ziwiri! Anesi aja asamve.

Mayeso atsala masabata atatu. Mwanayu akabwerera pamphasa, khosi lija libweranso, ndipo m'nyumba muno wolekezera panjira ndakwana ine. Matiresi ndawabweza. Ndawauza kuti ndi ofewetsa, amawononga msana wa munthu wamkulu.

Beseni alisunge. Koma Tadala akangopita kusukulu, masana onse matiresi ndi anga.