Kontroladori ya apongozi

Ventoinya yokupizira mphepo ndili nayo, bateriya ndili nayo, koma m'nyumba muno ku Chingodzi ndatsala ndekha ngati mlonda.

Apongozi anga adabwera kuchokera ku Angónia kudzaona mdzukulu wawo wakhanda. Kwawoko n'kozizira, ndiye dzuwa la Tete adaliona ngati chilango. Ataona totupa ta thukuta pakhosi pa mwana, adanena poyera kuti mwanayo akapanda kupeza mpweya amutenga pamodzi ndi mayi wake mpaka mvula itagwa.

Ndidathamangira kuloja kukagula kontroladori, kabokosi koyang'anira moto wochokera ku paineli ya dzuwa kuti bateriya isapse. Wogulitsa adandifunsa, "Muli ndi mapaineli angati, patrau?" Ndidati imodzi, n'kusankha kakang'ono ka maampeya ochepa (kanali ndi tinyale tokongola, ndisabise). Mawa lake mtima wofuna kuoneka udandigwira: ndidabwereka paineli ina yaikulu kwa mnzanga wa ku Moatize, n'kulumikiza zonse pa kabokosi komweko.

Ventoinya idazungulira, mwana adagona, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba. Apongozi, poona fumbi, adavundikira kabokosiko ndi kansalu koluka monga amachitira ndi wailesi.

Masana dzuwa lili paliwombo, kudamveka fungo la pulasitiki. Kontroladori idali itasungunuka, ventoinya zii.

"Kalanga ine, ndi nsalu yanga ija! Pepani bambo a Tadala, ndakuwonongerani," adatero apongozi atagwira pakamwa.

Ine ndinkadziwa kuti ndidakasenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Koma ndidangoti, "Musadandaule amayi, zimachitika." (Mkazi wanga adandiyang'ana ndi diso lija.)

Madzulo apongozi adapita okha kuloja atanyamula kopsako, n'kubwera ndi kena kofanana ndendende. Ndikadanena bwanji kuti n'kochepa? Ndidathokoza ndi manja awiri, n'kukwera padenga kukachotsa paineli yobwereka ija mwakachetechete. Ndi imodzi yotsalayo bateriya sinkadzaza, ventoinya inkatopa msanga, totupa n'kubwereranso.

Loweruka ndidawaperekeza onse atatu kokwerera shapa, minibasi ya ku Angónia. Mtima udandiwawa zedi pomwe mwana ankandiyang'ana pazenera.

Phunziro ndi lakuti kontroladori uzigula utawerenga mapaineli, osati tinyale. Yaikulu ndaipeza kale, ili m'kabati. Kungoti apongozi akabwera adzafuna kuona mphatso yawo pakhoma.