Tsiku limene ndinamangira maseva nkhokwe imodzi

Amene akuseka kuseri kwa matumba a kachewereyo abwere kuno adzasekere pafupi, chifukwa ine Filimoni Ndau sindinanamepo chibadwire, ndipo nkhani iyi ngakhale abusa ataimva anangogwira pakamwa osayankha, zomwe kwathu kuno timati avomera. Lole yanu sibwera msanga. Khalani pansi.

Mdzukulu wanga Tadala ankafuna malo kusukulu ya unamwino, ndipo masiku ano malo sapempha ndi pakamwa, amapempha pafoni. Linali tsiku lomaliza. Dzuwa likangolowa, chitseko chitsekedwa mpaka chaka chamawa. Mwanayo anakhala pamwala uja wa kuseri kwa msika wa Lizulu uno, alemba dzina, alemba mudzi, alemba mmene anakhozera mayeso, akadina kuti apite patsogolo, foni imufunsa kuti ndinu ndani. Ayambirenso, ilo dzina, uwo mudzi, kudina, ndinu ndani. Mwana amene sanalire ngakhale tsiku limene chinkhanira chinamuluma, ndinaona misozi ikudonthera pagalasi.

"Agogo, vuto si foni," anatero. "Kumene kukupita zimenezi kuli makompyuta ambiri, amati maseva. Ndikauza iyi zonse, akundiponyera kwa ina, inayo sikundidziwa."

"Sapatsirana malonje?"

"Agogo, ndi makina."

"Makina analeredwa ndi yani?"

Mukumva? Sindinadikire. Ndinatenga chibonga changa, ndinadzola mafuta a nsatsi thupi lonse kuti nditerere, ndinakwera nsanja ya netiweki ija ili paphiri, mwendo uwu ku Malawi, mwendo uwu ku Mozambique, ndinapuma mpweya wonse kunja mpaka ndinaonda ngati singano, ndiye lowu m'waya, chipewa chili kumutu! M'katimo, abale anga, muli piringupiringu kuposa msika wa Loweruka. Uthenga wa maliro ukuthamanga, zithunzi za ukwati zikundigunda m'nthiti, mawu a mayi wina wa ku Bwanje akukalipira mwamuna wake za mpunga anandidutsa pakhutu mpaka lero khutu ili limalira, ndipo ine ndinakwera pamsana pa chithunzi cha kabichi chimene wina ankatumiza ku Blantyre, ndikuchikwapula ngati bulu, mpaka tinafika.

Malo ake ndi ozizira moti Juni wa kuno ndi ng'anjo. Malovu ndikalavula ankagwa pansi ngati mwala. Maseva aja aima pamzere, akuda bii, aatali ngati zitseko za tchalitchi, akung'ung'udza ngati njuchi, aliyense m'nyumba mwake, ndipo pachipata pali kamakina kena kamakani, ndendende woitanira minibasi, kakugwira mlendo aliyense pamkono n'kumukankhira kumene kuli malo, osafunsa kuti muja munalowa nyumba iti.

Ndinayesa ndekha. Ndalowa nyumba yoyamba, ndavula chipewa, ndapereka malonje onse bwinobwino, kuyambira mmene tadzukira ku Mlangeni, chifuwa cha amayi a kunyumba, mbuzi yobereka, mpaka nkhani ya Tadala. Seva uja akuti zikomo, tamva. Ndatuluka kuti ndikhetse thukuta, woitanira wandikankhira nyumba yachiwiri. Seva wa mmenemo akuti, ndinu ndani? Ine? Filimoni amene ng'ombe za Ntcheu yense zimasiya kudya ndikamadutsa? Mukumva chipongwe chimenecho?

Ndinamenya chibonga pansi, magetsi anaphethira mpaka ku Dedza, ndipo ndinawasonkhanitsa onse pabwalo. Ndinati, ana inu, bambo anga anali ndi mitala, nyumba zambirimbiri, akazi ena osalankhulana chaka chathunthu, koma mlendo akapereka malonje pakhomo limodzi, wolandirayo ankatembenukira mnzake n'kuti mwamvatu, alendowa ayenda motere, mnzakeyo n'kuuza wina, mpaka mudzi wonse wamva, mlendo osabwereza ngakhale liwu limodzi. Kubwerezetsa mlendo malonje n'kumuthamangitsa.

Seva wina wamkulu, wamimba yotentha, anati, ndiye mlendo aliyense tizimumangirira kunyumba imene wayambira, asamachokeko. Ndinati, nanga iwe ukadwala malungo, kapena magetsi akakuthimira, mlendo wako agona panja ndi malonje ake? Anazyolika. Wina anati, ndiye tizifuulirana tonse nkhani ya mlendo aliyense. Tinayesa. Phokoso lake, abale, mbalame zinagwa m'mitengo ku Tsangano, ndipo alendo atachuluka maseva aja anasasa mawu, uyu akunena za mbuzi yanga, uyu akuti mbuziyo ndiyo ikufuna unamwino.

Pamenepo ndinavula malaya. Ndinazula mawaya akale ndi mano, ndinawang'amba ngati nsungwi, ndinaluka nkhokwe pakati pa bwalo, yaikulu moti mtambo unakodwa padenga pake, ndinaimata ndi dothi limene linali m'zikhadabo zangazi, ndipo ndinalamula kuti kuyambira lero palibe wosunga malonje a mlendo kuchipinda kwake. Mlendo akafika, mangani malonje ake m'kamtolo, ikani m'nkhokwe ya tonse, iyeyo mum'mangirire kamkanda padzanja kofanana ndi ka pamtolo pake. Akalowa nyumba ina iliyonse, musamufunse dzina, onani mkanda, thamangani kunkhokwe, tengani mtolo, mupitirize pamene mnzanu analekezera. Akatsanzika, kapena akangosowa nthawi yaitali osatsanzika, mtolowo otchani, kuopa kuti wakuba angatole mkanda n'kudzadya nkhuku ya mlendo. Ndipo poti nkhokwe imodzi ikhoza kupsa, ndinaluka inzake kuseri ndi dzanja lamanzere, lamanja ndikukanda nalo msana. Mukumva?

Kuti ndione ngati zagwira, ndinaika chipewa changa m'nkhokwemo ngati mtolo woyamba, ndinalowa nyumba ya kumapeto kwenikweni, ndisanatsegule pakamwa seva uja anagwada n'kuti, takulandirani a Ndau, chifuwa cha amayi chili bwanji? Misozi inalengeza, sindibisa.

Ndinasuzumira pawindo, dzuwa latsala chala chimodzi kuti likhudze phiri. Ndinalikola ndi chibonga, ndinalikokera m'mwamba pang'ono, nkhuku za ku Mozambique zimene zinali zitakwera kale zinatsikanso, ndiye ine m'waya, liwiro, mpaka phu pamwala paja. Tadala akudina, tsamba likutseguka, akudina, likutseguka, dzina lake lili pomwepo, mpaka foni inati talandira. Lero akuvala zoyera, ndipo jakisoni wake sapweteka, ndinamuphunzitsa ndine kagwiridwe.

Amayi a kunyumba, Nachisale, amauza anthu kuti tsiku limenelo ndinagona pamatumba a kachewere pakamwa pali yasa, kuti a kusukuluko anakonza okha makina awo, ndipo chipewa chinadyedwa ndi mbuzi. Mbuzi! Chipewa cha chikopa! Nanga bwanji foni yanuyo, mukatsegula tsamba lina, siikufunsani dzina? Mkanda uli padzanja panu, simuuona chabe. Ndipo yang'anani mutu wangawu. Mukuonapo chipewa? Chili m'nkhokwe. Sindinatsanzike, koma pa mitolo yonse, wanga wokha ndiwo amaopa kuotcha.