Kugwa kwa Mayi Benedicta a ku Buruburu

Ena amatchuka ndi kuimba, ena ndi miseche. Mayi Benedicta a ku Buruburu anatchuka ndi kugwa. Osati kugwa kwa ukalamba ayi, koma kwa luso: mwendo m'mwamba, maso tong'o, dengu lili phee pamutu.

Ankati ali mtsikana ku Zomba, azungu anabwera ndi bokosi lopukusa n'kuwajambula kanema woseketsa, uja wopanda mawu. Ntchito yawo inali kuthamangitsa mwamuna waulesi ndi chipande, kuterereka, kudzuka, kutererekanso. Kanemayo anazungulira midzi pa galimoto, koma tsiku limene anafika kwawo bambo awo anawatsekera m'nyumba, ati mwana wa katekisiti sasekedwa ndi chigulu. Choncho dziko linawaona, eni ake osadziona. Nkhani imeneyi inawadya mtima mpaka imvi.

Atabwera ku Nairobi kudzakhala ndi mwana wawo Titus ku Buruburu, Chiswahili anachikaniratu.

"Amayi, phunziraniko ngakhale moni."

"Iwe Titus, ndinaseketsa Nyasalande yonse osatsegula pakamwa. Ndiyambe lero kulankhula chifukwa cha ndiwo zamasamba za sukuma?"

Kumsika wogulitsa akatchula mtengo, iwo ankagwira pamtima, kudzandira, n'kukomokera pa mulu wa kabichi. Mtengo unkatsika wokha. Minibasi, ija amati matatu, ikati iwapitirire, ankagwa pasiteji. Kondakitala amatsika akufuula "Pole, mama!" koma mama ali kale pampando wakutsogolo, akukonza duku.

Titus anafunsafunsa mpaka ku Ulaya, koma kanema uja anasoweratu. Ndiye pa phwando la Amalawi ku Runda, mu Nairobi momwemo, aGregory a kwaya anatulukira ndi kamera ya vidiyo.

"Mayi, bwanji tijambulenso?"

Mayi aja anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, n'kuloza ine.

"Waulesi ndi uyu. Nkhope ali nayo kale."

"Mayi, inetu ndine dalaivala wolemekezeka."

"Gona apo, wolemekezeka."

Chipande chinali chenicheni, abale. Mutu wanga ndi mboni.

Titalumikiza ku TV, anthu anaseka mpaka kutaya mpunga pa kapeti ya eni. Mayi okha ndiwo sanaseke.

"Tsekani mawuwo!"

Tinatseka. Anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Mwendowo kale unkafika apa," anatero motsitsa, dzanja lili pamwamba pa mutu. "Koma nkhalambayi ikuyesetsa. Bwezaninso."

Kuyambira pamenepo inali bwezaninso m'mawa, bwezaninso masana. Titus nkhani za pa TV anazisiya, mpira anausiya. Pamene tinkaperekeza bokosi la maliro awo kubwalo la ndege, tepi ija inali itaperepeseka ndi kuonedwa.

Buruburu wa masiku ano aliyense amayenda bwinobwino, mwaulemu, ngati wanyamula mazira. Tikasonkhana kwa Titus timaiikabe tepiyo. Mumangowaza timadontho toyera, chithunzi chikunjenjemera. Palibe amapempha mawu. Timangokhala chete kudikira, mpaka penapake pakati kamthunzi kena kakweze mwendo.