Nthanda ya pa Denga la Mayi Anasi

A Timoteyo sankatha kupenta khoma osaikapo nyenyezi. Aliyense pa boma la Mchinji ankadziwa zimenezi. Ukawaitana kuti akulembere "Tiyi alipo", tiyiyo ankakhalapodi, koma pamwamba pake pali thambo lonse.

A Vitus a kubutchala anawapempha mbuzi yonona, yoti wodutsa akaiona ameze malovu. Mbuzi inatuluka yononadi, koma itatukula mutu, ikuyang'ana Mlalang'amba, mzere woyera wa nyenyezi uja, utadutsa khoma lonse mpaka kuseri.

"Nanga mbuziyi ikuonanji kumwambako?" anafunsa a Vitus.

"Ikutsanzika," anatero a Timoteyo. "Si inu mawa muipha?"

Komatu sankapeka ayi. Chimene sanachione ndi maso awo sankachijambula. Mwezi wa pa resitihausi ndi kachidutswa chabe, chifukwa sabata imene ankapenta unali choncho. Mwini wake atadandaula, anauzidwa kuti akanawaitana mwezi uli wathunthu. Akutchalitchi nawo anapempha nyenyezi ya ku Betelehemu pamwamba pa khomo.

"Imeneyo sindinaione," anakana a Timoteyo. "Ine kunalibe."

Anawaikira Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kaja kotuluka dzinja likayandikira, ndipo mpaka lero Khirisimasi amaipempherera pansi pa Nsangwe.

Anthu ankaseka, nawanyadira. Amene sankaseka anali akazi awo, mayi Anasi. Powafunsira, a Timoteyo anawalonjeza kuti adzawajambulira Nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha, panyumba pawo. Ana anabadwa, anakula, anakwatiwa, khoma lili mbee.

"Chigayo chili ndi nyenyezi," ankatero mayi Anasi. "Saluni ili ndi nyenyezi. Ndi chimbudzi cha kumsika chomwe! Ine ndinalakwanji, bambo?"

"Mayi, Nthanda siifuna penti wamba. Woyera ngati iyo sindinamupeze."

"Ku Chipata komwe kulibe?"

"Wa ku Chipata ndi wopentera mpanda."

Kenaka a Timoteyo maso anayamba kuchita khungu. Sanauze munthu, koma makoma anaulula: sitolo iliyonse yatsopano inkalandira nyenyezi zochepa kuposa inzake, mpaka ina inangolandira mwezi wokha. Burashi inauma pazenera. Mayi Anasi anasiya kufunsa za Nthanda, ndipo kusiyako kunawapweteka kuposa kudikira.

Tsiku lina masana akuchokera kudimba, mayi Anasi anapeza anthu ali unjiunji pabwalo, onse makosi m'mwamba. Nkhalamba yosaona ija inali padenga, ikupapasa malata, hamala kudzanja, msomali kukamwa.

"Tsikani, bambo! Mufuna mundifere pamalata?"

Kunangomveka kamodzi: go! Bowo pamalata atsopano, cha kum'mawa, moyang'anizana ndi bedi.

Mayi Anasi analalata mpaka nkhuku zinasamuka. A Timoteyo, atatsitsidwa ngati thumba la mtedza, anangoti, "Mawa musafulumire kutsegula chitseko."

Kutacha, m'chipinda mudakali mdima, mayi Anasi anatsegula maso. Padenga panali kadontho kamodzi kowala, koyera kuposa penti aliyense, kali kokhakokha.

"Yatuluka?" anafunsa a Timoteyo.

Mayi Anasi anangoyang'anitsitsa kadonthoko.

"Mwakhala chete. Ndiye kuti yatuluka."

A Timoteyo anamwalira mvula isanagwe. Pamaliro, a Vitus anapereka mbuzi, nati nayo inafa ikuyang'ana kumwamba.

Masiku ano makoma ambiri anapakidwa mitundu ya makampani a foni. Chigayo chilibenso thambo, ndipo anthu pa boma amayenda maso ali pansi. Tikuwasowa a Timoteyo, tisaname.

Dzinja litafika, denga lija linayamba kudontha, ndendende pabedi. Joe, kalipentala woyandikana nawo, anabwera ndi phula ndi makwerero, osaitanidwa.

"Amayi, kabowo kamodzi kokha aka. Ndimata pompano."

"Tsika, mwana wanga."

"Koma mukunyowatu!"

"Ndati tsika. Ndinaidikira moyo wanga wonse, ndiye iwe uimate ndi phula?"

Mayi Anasi anakokera bedi pambali pang'ono, natchera beseni pansi pa nyenyezi yawo.