Chizungu Changa Pamaso pa Nkhunzi

Mpaka lero ndimakhalira tako limodzi, ndipo mlandu wake ndi wa liwu limodzi la Chingerezi.

Inali nthawi ya atsamunda, nditangomaliza Sitandade Sikisi. Ndinali mkamwini kufupi ndi Manjawira, ndipo apongozi anga aamuna ankanyoza sukulu yanga poyera. "Mwana wanga wakwatiwa ndi mapepala," ankatero. Ndiye mzungu wa za ziweto atafuna womasulira pa dibi, posambitsira ng'ombe paja, ndinati tsiku langa lakwana. Mzunguyo akanakhutira nane, ukalaliki wa pa dibipo ukanakhala wanga, apongozi n'kutseka pakamwa.

Ndinapita nditavala kabudula wa khaki wosita, dikishonale yopanda chikuto ili kukhwapa (ndinasinthanitsa ndi tambala kwa khukhi wa ku mishoni). Eni ng'ombe onsewo ndinkangowaona ngati mbuli zonunkha ndowe.

Ng'ombe zili mkati molowa m'madzi a mankhwala, nkhunzi yakuda inathyola mpanda. Mzungu anakuwa kuti, "Run!" n'kukwera padenga la galimoto yake.

Ntchito yanga inali kumasulira. Koma amene anali pafupi nane anali apongozi, ndipo mkamwini sakuwira apongozi ngati akuitana galu. Ndinanjuta, n'kuwomba m'manja, n'kuyamba mwaulemu maso ali pansi.

"Pepani bambo, bwana anena liwu lolemera zedi. Limatanthauza kuthamanga, kuthawa, kuyenda kwa madzi mumtsinje, ngakhale kuyendetsa sitolo. Lili ndi anzake ofanana nalo ambirimbiri. Gwero lake ndi Chingerezi chakalekale cha makolo awo, pamene..."

"Akamwini inu, kumbuyoko!" anakuwa munthu wina ali pachulu.

Nditadzutsa mutu ndinapeza ndikuphunzitsa ndodo ya apongozi yokha. Mkulu uja, ndi nyamakazi yake yomwe, anali atalumpha kale mpanda. Mbuli zonse zija zinamva Chingerezi popanda ine.

Nkhunzi inandinyamula cha kumbuyo n'kundiponya m'dibi. Ndinamwa mankhwala a nkhupakupa mpaka kukhuta, kenako anandivuula ndi ngowe yokokera ana a ng'ombe (kabudula anatsalira momwemo). Manyazi ake ndinalakalaka ndikanangomira.

Ukalaliki anapatsa munthu wina wodziwa "yesi bwana" basi. M'mawa mwake apongozi anaima pakhomo panga n'kufunsa mokoma mtima, mokweza kuti mudzi wonse umve, "Mwadzuka bwanji bambo? Nkhupakupa zija zatha?"

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti liwu lija lili ndi tanthauzo lachisanu lokoma kwambiri, ndipo pamudzi ponse paja palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzandifunsa.