Denga la Chipangizo Choyezera Mvula

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Milonde pamapezeka wina wondifunsa ngati ndikumangabe madenga. Ndimangowerama n'kupitirira. Koma denga limenelo linali labwino, zimenezo musakayike.

Zinayamba pamene mayi wina wa ku yunivesite anabwera m'mudzi mwathu ndi chipangizo chooneka ngati ndowa yoyera yokhomedwa pamtengo wachitsulo. Anati ali ndi kompyuta yolosera mvula yogwa kuphiri ndi mmene mtsinje wa Ruo ungadzadzire, koma sankaikhulupirira kwenikweni. Ankafuna kuyeza mvula yeniyeniyo kuti aone ngati kompyutayo imanena zoona.

Pabwalo pathu mpamene panali poyera, popanda mitengo, ndiye anachiika pomwepo. Atafunsa za woti azichiyang'anira, amalume anandikankhira kutsogolo (ine amene ndinkachita chibwibwi ndikangoona mlendo).

"Achimwene, chinthuchi n'chodula," anatero mayiwo. "Mukachisamala chikhala pano. Mukalephera ndichisamutsira kutsidya."

Kutsidyako n'kwa anthu amene amatigonjetsa pa mpira chaka chilichonse. Atilandenso chipangizo? Ndinati, "Musadandaule, Madamu."

Ndinkachipukuta m'mawa uliwonse. Ana ndinawaletsa kuyandikira, nkhuku nazo zinadziwa malire. Kenako mvula inayamba, ija ya kwathu kuno yosadziwa kukata. Nditasuzumira pazenera n'kuona katundu wa mlendo akunyowa pabwalo pathu, mtima unandiwawa. Kwathu ngakhale njinga yobwereka sigona panja. Ndinadziuza kuti foni imadziwa za mvula osanyowa, nanga makina a ku yunivesite angalephere bwanji?

Ndinayamba ndi ambulera ya mayi anga. Mphepo inaiulutsa, tinakaitola m'munda wa tiyi itatembenuka. Ndinachiveka jumbo, koma chinkaoneka ngati mkoko wa nthochi wovundikidwa, zosapatsa ulemu. Pamenepo ndinadula nsungwi, n'kumweta udzu, n'kuchimangira kamsasa, n'kuyala pulasitiki pansi pa udzuwo. Amalume anazungulira kamsasako manja ali kumbuyo.

"Mphwanga, apa ndiye ukhoza kukwatira," anatero.

Patapita masabata angapo, Madamu anafika pa njinga yamoto kuchokera pa Chitakale. Ndinakawachingamira kumsewu.

"Achimwene, ndapeza chodabwitsa," anatero tikuyenda. "Ruo wasefukira, kompyuta ikuti kwagwa chimvula, koma uthenga umene chipangizo chikunditumizira ukuti kuno kwauma. Mwina mvula yonse ikuthera pamwamba pa phiri."

(Ankanena zimenezi matope akuwavula nsapato. Ndinaona, koma munthu wophunzira sumudula mawu.)

Titafika pabwalo anaima chilili.

"Ichi n'chiyani?"

"Denga, Madamu."

"Wamanga ndani?"

"Ndekha, Madamu." Ndinatulutsa ndi chifuwa chomwe.

"Nanga mvula imalowera pati?"

"Silowa, Madamu. Ngakhale dontho."

Anakhala pansi pakhonde n'kugwira kumaso. Ndinkayesa akulira, koma kunali kuseka. Atapuma anandionetsa kabowo ka pamwamba, n'kundiuza kuti ntchito ya chipangizocho ndi kumwa mvula basi, ndipo chikapanda kunyowa chimangonena kuti kulibe. Anali atatsala pang'ono kuuza akuluakulu awo kuti kompyuta ikunama, pamene wonamitsa zinthu anali ataima patsogolo pawo. Ndinatembenuka kuti amalume andithandize, koma anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinadye.

"Ndiye muchipititsa kutsidya?" ndinafunsa ndi mawu ongomveka pang'ono.

Anayang'ana dengalo, n'kuligwedeza. Silinasunthe.

"Munthu amene watsekereza mvula ya ku Mulanje, kuteteza chipangizochi kwa mbuzi kungamuvute? Chikhala pompano. Ingochotsani dengalo, ndipo musachichitirenso chifundo."

Kuyeza kunayambiranso, ndipo chipangizocho chili pabwalo pathu mpaka pano. Mvula ikamachimenya mtima umandiwawabe, koma ndimangotseka zenera. Denga lija sindinaliphwasule ayi. Tinalinyamula lathunthu n'kukaliika kuseri, pa nkhuni za mayi. Mukafika kwathu mudzawafunse ngati nkhunizo zinanyowapo.