Mphuno ya Dokotala

Anzanga, ine ndinangofuna kuonetsa luso. Zinali zaka za chipani chimodzi, ndikugwira ntchito yokama ng'ombe ku Palabana, ndipo ndinapita ku Bundabunda kwa makolo a Esinati, mtsikana amene ndinkamutomera. Nditaona bambo ake akuvutika ndi ng'ombe yongobereka kumene, ndinati andipatse ndowa aone mmene akatswiri amakamira. Ng'ombe yachilendo umayamba waimanga miyendo, kodi ine sindinkadziwa? Ndinangomva phaa, kumwamba kunadzaza nyenyezi masanasana.

Chotupa chitaphwa, nsonga ya mphuno inali italoza kumanzere ngati ikufunsa njira. Dokotala wa ku Lusaka anandijambulira papepala. Akuti kunsongako kulibe fupa lenileni, kuli timafupa tiwiri tofewa ngati khutu, tokhota ngati mapiko, ndipo kamodzi kanali katapindika. Adzang'amba pansi pa mphuno, kukawongola, n'kutisokerera pamodzi.

"Ba dokota," ndinatero ine, "popeza mutsegula kale, nifuna muisongoleko pang'ono."

Anangoseka.

Mankhwala ogonetsa aja, abale, ndi dziko lina. Ndinayandama pamwamba pa mtsinje wa Chongwe, minda ya chimanga ikugwedezeka pansi ngati chitenje pachingwe, mphuno yanga yatsopano ili patsogolo, yosongoka, ikung'amba mitambo. Ng'ombe zonse zinkandigwadira. Kenaka ndinamva dzanja lofewa likundipukuta pachipumi, fungo la mafuta odzola likulowera mu thonje la m'mphuno mwanga. Angakhalenso ndani? Ndinaligwira dzanjalo, maso ali chitsinzire, n'kuliika pachifuwa.

"Esinati wanga," ndinanong'ona, "ana athu apulumuka. Azatenga mphuno yanga iyi, osati ija ya amai ako, yokhala monga mbatata yopondedwa na ngolo."

Ndinatsegula diso limodzi. Anali amayi ake a Esinati, munthu amene mwamwambo sindinkayenera ngakhale kumuyang'ana kumaso, atavala duku la kutchalitchi, botolo la chakumwa cha munkoyo lili pamiyendo. Esinati anali kumbuyo kwawo, ataluma chitenje.

Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kundifunditsa bulangete bwinobwino.

"Gonani, apongozi," anatero. "Koma ana satengela mphuno ya dokota."

Anandipatsabe mwana wawo. Tinabereka ana asanu, ndipo onse asanu anatenga mphuno ya agogo awo. Kuyambira tsiku lija, ndikadzuka pena paliponse ndimayamba ndatsegula maso onse awiri, pakamwa pambuyo.